Ndinapita ku Chirunga kukaphunzira ndale

Tsiku limene mayina a osankhidwa kupita ku yunivesite anatuluka, amalume anabwera kwathu ku Chinamwali nkhuku ili kukhwapa. Atakhala pakhonde ndi kulonjerana ndi amayi, anandiitana n'kufunsa chimene ndikukaphunzira ku Chanco, kutanthauza Chancellor College ya ku Chirunga mu Zomba. Ndinawauza kuti ndi maphunziro a ndale ndi kayendetsedwe ka boma. Anakhala duu kanthawi, kenako anati, "Iwe mwana wa mlongo wanga, ndale amaphunzira kusukulu? Ndale si kutchera mnzako mwendo kuti agwe? Zaka zinayi zonse ukathere pamenepo?"

Chichewa chawocho sanaphonye. Anyamata akamalimbana padambo, wina akakola mwendo wa mnzake timati wamutchera ndale. Munthu akamazemba kuyankha funso timamuuza kuti asiye ndale. Mawu amene timatchulira ntchito yoyendetsa dziko ndi omwewo amene timatchulira ukathyali, ndiye kholo likamva kuti mwana wake wamkazi akukaphunzira Political Science, limaona msonkhano wachipani, nsalu zogawa ndi malonjezo osakwaniritsidwa. Tsiku limenelo ndinalibe chowayankha. Lero ndatsiriza, ndipo ndikulemba izi poganizira amalume komanso ana a Folomu 4 amene amandifunsa kutchalitchi ngati maphunzirowa ali ndi ntchito.

Chaka choyamba chinandilemera. Kusekondale ndinkakhoza poloweza manotsi, ndipo ndinafika ku Chirunga ndikuganiza kuti njira ndi yomweyo. Asayimenti yanga yoyamba inabwera ndi funso limodzi lolembedwa ndi cholembera chofiira kumapeto: maganizo ako ali pati? Ndinali nditasonkhanitsa zimene akatswiri asanu ananena, koma ineyo sindinaime paliponse. Funso limenelo linandisowetsa tulo. Palibe amene anandifunsapo maganizo anga pa nkhani yaikulu, ndipo kwathu mwana wamkazi wonena maganizo ake pamaso pa akuluakulu amatchedwa wamwano.

Chimene chinandipulumutsa ndi kagulu ka anthu anayi kamene tinkakumana m'chipinda cha mnzathu ku Chikanda. Tinapangana kuti chilichonse chimene tawerenga m'Chingerezi tizichifotokoza m'Chichewa, ndipo amene walephera ndiye kuti sanamve. Usiku wina tinakangana mpaka makandulo awiri kutha pa mawu akuti legitimacy. Kuvomerezeka? Kuyenera? Katswiri wina wa ku Germany, Max Weber, anati anthu amamvera wolamulira pa zifukwa zitatu: mwambo, chikoka cha munthuyo, kapena malamulo olembedwa. Titaziika m'Chichewa zinasanduka anthu amene timawadziwa. Mwambo ndi a gulupu akwathu. Chikoka ndi Kamuzu akutsika ndege pa Chileka mu 1958. Malamulo ndi bwanamkubwa, amene timamumvera chifukwa cha mpando ngakhale sitikudziwa kwawo. Mnzathu wa ku Mzimba anadabwa kumva kuti kwathu ufumu umatsata kuchikazi, kuti wolowa m'malo mwa mfumu amachokera kwa mlongo wake ndipo amayi a mbumba ndiwo amaloza munthu. Ife tinadabwa ndi zakwawo. Kuyambira pamenepo mabuku anasiya kundiopsa.

Ubwino wina wophunzirira ndale ku Zomba ndi woti zimene ukuwerenga zinachitikira m'misewu imene ukuyendamo. Tauni ino inali likulu la dziko mpaka 1975, ndipo aphungu anapitiriza kukumana kuno mpaka 1994. Nditalemba za mkangano wa nduna wa mu September 1964, ndinakwera phazi kukaima panja pa nyumba yakale ya malamulo ija. Panali patangotha miyezi iwiri chilandirireni ufulu pamene Kamuzu anachotsa Kanyama Chiume, Orton Chirwa, Augustine Bwanausi ndi Rose Chibambo, ndipo Yatuta Chisiza, Willie Chokani ndi Henry Masauko Chipembere anatula pansi maudindo. Ndinkayesa kuti anangolimbirana mpando. Powerenga ndinapeza kuti pakati pa zimene anasiyana panali nkhani za tsiku ndi tsiku: tiki (kandalama ka mapeni atatu) imene odwala anayamba kulipira kuchipatala, malipiro a Amalawi ogwira ntchito m'boma, kuchedwa kupereka maudindo kwa eni dziko, ndi ubale ndi Apwitikizi amene ankalamulira Mozambique. Tiki imodzi ya kuchipatala inali nawo m'gulu la zinthu zimene zinatsegula njira ya zaka 30 za ulamuliro wa munthu mmodzi. Orton Chirwa anadzafera m'ndende ya Zomba mu 1992, ndende yomwe timaidutsa pa minibasi osatembenuka n'komwe.

Nayo sukulu yathu ili m'mbiri imeneyi. Kalata ya maepiskopi a Katolika itawerengedwa m'matchalitchi pa 8 March 1992, ophunzira a Chancellor College anayenda mumsewu kuivomereza, nthawi imene kutsutsa boma kunkatha kukutengera kundende ya Mikuyu. Chaka chotsatira, pa 14 June, pa riferendamu, ovota oposa 63 pa 100 aliwonse anasankha nyali, chizindikiro cha zipani zambiri, kusiya tambala wakuda wa chipani chimodzi. Ndipo mu February 2011 mphunzitsi wa ndale, Blessings Chinsinga, anaitanidwa ndi mkulu wa apolisi chifukwa cha chitsanzo chimene anapereka m'kalasi, chokhudza mavuto amene anautsa anthu ku Tunisia ndi Egypt. Aphunzitsi anakana kulowa m'kalasi kwa miyezi yambiri pofuna kutsimikiziridwa kuti m'kalasi mulibe akazitape. Ufulu umene ndinali nawo wotsutsa mfundo za boma pa pepala la mayeso popanda mantha, ena anaulipirira.

Komabe phunziro limene linandisintha kwambiri ndi limene anzanga ambiri ankalida: njira zochitira kafukufuku, ndi masamu ake. Ambiri tinathawira ku ndale pothawa masamu, ndiye kukumana nawonso m'chaka chachitatu kunali kowawa. Ndinalimbikira chifukwa ndinkafuna kumvetsa mmene kafukufuku wa Afrobarometer, amene kuno amayendetsedwa ndi Centre for Social Research, amafunsira anthu 1,200 okha n'kunena maganizo a dziko lonse. Chinsinsi chili pa kasankhidwe ka anthuwo. Ukapita kwa mfumu kuti ikupatse anthu ofunsa, imakupatsa abale ake ndi a m'komiti. Uyenera kuwerenga nyumba, kudumpha zina mwa ndondomeko, ndi kufunsa amene maere amugwera ngakhale ali kudimba ndipo uyenera kumudikira mpaka madzulo.

Luso limeneli linandipezera ganyu patchuthi. Bungwe lina linatitenga kukafunsa anthu za chitukuko m'midzi ya kufupi ndi nyanja ya Chilwa. M'mudzi wina ndinakhala pamphasa ndi agogo ena aakazi amene anandilandira ngati mdzukulu wawo. Funso la papepala linali lakuti, mjigo ukawonongeka mumakauza ndani? Anandiyang'ana n'kunena kuti, "Mwanangu, ife timapempha. Tinapempha kwa amfumu, amfumu anapempha kwa akhansala, akhansala akuti ndalama zili kwa aphungu. Aphunguwo tinawaona nthawi ya kampeni. Tikudikira atikumbukire." Mjigowo unali utatha miyezi isanu ndi iwiri uli chiwonongekere, ndipo amayi ankatunga madzi pachitsime chosatetezedwa.

Pobwerera m'galimoto mawu akuti timapempha anakana kundichoka m'mutu. Tsiku limenelo ndinawamva kwa anthu asanu ndi mmodzi. Palibe amene anati timafunsa, kapena tikufuna atiuze. Ndalama zokonzera mjigo zimachokera ku msonkho umene agogo aja amalipira akagula sopo ndi mafuta ophikira, koma iwo amaziona ngati mphatso ya munthu wachifundo. Ndipo si umbuli. Agogowo anafotokoza bwino lomwe njira imene pempho limayenda, kuposa mmene ine ndikanalembera pa mayeso. Amadziwanso kuti njirayo ikatsekeka alibe chogwira.

Apa m'pamene zimene ndinaloweza m'kalasi zinalumikizana. Malamulo oyendetsera dziko a 1994 anali ndi gawo 64, lopatsa anthu mphamvu yochotsa phungu wawo nthawi yake isanathe. Aphungu analichotsa mu 1995. Mu 1998 dziko linakhazikitsa ndondomeko ya mphamvu ku anthu ndi lamulo la maboma aang'ono, koma makhansala amene anasankhidwa mu 2000 atatha nthawi yawo mu 2005, tinakhala opanda makhansala mpaka 2014. M'zaka zimenezo munabadwa thumba la CDF, la chitukuko cha m'dera la phungu, ndipo anthu anazolowera kuti chitukuko chimabwera ndi phungu, pamene ntchito yeniyeni ya phungu ndi kupanga malamulo ndi kulondoloza boma. Mu 2025 khoti linagamula kuti aphungu sayenera kuyendetsa nawo thumbali kapena kuvota m'makhonsolo. Mzere wonsewu, kuchokera pa gawo 64 mpaka pa chigamulocho, umathera pa mjigo wa agogo aja. Ndinalemba kafukufuku wanga wa chaka chomaliza pa nkhani imeneyi, ndipo kanali koyamba kulemba chinthu chimene ndinkachimva m'mtima.

Tsono za ntchito, poti ndi zimene makolo amafuna kumva. Ndinene mosabisa: digiri imeneyi siili ngati ya unamwino kapena uphunzitsi, imene dzina lake limatchula kale ntchito. Palibe ofesi imene imakudikira. Mwa amene tinamaliza limodzi, mmodzi analowa m'boma ngati ofisala woyendetsa ntchito za ofesi pakhonsolo ina, njira imene ena amakwera nayo mpaka kukhala bwanamkubwa kapena mlembi wamkulu wa unduna. Wina ali pa wailesi, amakonza pulogalamu ya zokambirana. Awiri akuphunzitsa mbiri ndi Social Studies m'sukulu zapulaiveti. Wina wabwerera m'kalasi kukaphunzira zamalamulo. Amene analowa chipani ndi mmodzi yekha. Ambiri ndithu ali pakhomo, akulemba makalata ofunsira ntchito, ndipo zinthu zinathina kwambiri thandizo la America litadulidwa kumayambiriro kwa 2025, pamene mabungwe ambiri omwe si aboma anatseka mapulojekiti.

Malo amene maphunzirowa amagwira ntchito alipo: ku Nyumba ya Malamulo kumafunika alembi a makomiti ndi ofufuza, ku bungwe la zisankho la MEC, ku bungwe lophunzitsa nzika la NICE, ku bungwe lolimbana ndi katangale la ACB, ku ofesi ya Ombudsman, ku bungwe la ufulu wa anthu la MHRC, ku unduna woona za ubale ndi mayiko ena. Koma pakhomo lililonse pamakhala anthu mazana, ena a digiri yachiwiri. Chimene ndaona n'chakuti amene amapeza kenakake msanga ndi amene ali ndi luso logwirika m'manja. Wodziwa kukonza mafunso a kafukufuku ndi kuwaika pa tabuleti, wodziwa kusanthula manambala pa mapulogalamu a pakompyuta monga SPSS kapena Stata, wotha kufinya lipoti la masamba 60 kukhala tsamba limodzi loti bwana awerenge asanalowe mumsonkhano. Ine chimene chikundidyetsa panopa ndi masamu aja ndinkawaopa. Ndimayenda ndi magulu a kafukufuku, mwezi uno kuli ntchito, mwezi wamawa kulibe. Pa chisankho cha pa 16 September 2025 ndinali m'gulu la oyang'anira pamalo ena oponyera voti, ndipo ndinakhala mpaka usiku kuonerera akuwerenga mavoti ndi kusainira mapepala a zotsatira. Aliyense m'chipindamo ankakumbukira Tipp-Ex amene anafufutira manambala pa chisankho cha 2019 ndi chigamulo cha khoti cha pa 3 February 2020 chimene chinathetsa zotsatira za chisankho cha pulezidenti, moti nambala ikalakwika pang'ono anthu ankaimirira onse.

Mng'ono wanga amene ukuganiza zosankha maphunzirowa, usawasankhe chifukwa mapointi ako akukana kwina. Udzavutika ndi kuwerenga, ndipo pomaliza udzakhala ndi pepala lopanda luso. Uwasankhe ngati umakwiya ukaona mlatho womangidwa chaka chatha utakokoloka, ndipo mkwiyowo umakupatsa mafunso: anavomereza ndani, ndalama zinadutsa kuti, amene anayenera kuyendera ntchitoyo anali kuti. Ukalowa, usathawe masamu, ndipo tchuthi chilichonse upeze pokagwira ntchito ngakhale yongodzipereka. Ineyo mtima wanga uli kukhonsolo. Anzanga amalakalaka ku Capital Hill kapena ku ukazembe, ndipo sindiwanena, koma ndaona kuti munthu mmodzi wolemba bwino malipoti a ADC, komiti ya chitukuko ya m'dera la mfumu yaikulu, ndi kuwalondola mpaka alowe mu dongosolo la chitukuko la boma amasintha zambiri m'mudzi.

Mwezi watha amalume anandiimbira foni. Anawasankha kukhala mlembi wa VDC, komiti ya chitukuko ya kumudzi, ndipo kuli kamlatho kamene ndalama zake zinalengezedwa koma ntchito sinayambe. "Iwe wa ndale," anatero, "zimenezi timakafunsa kwa ndani?" Ndinapita Loweruka, tinakhala pansi pa mtengo wa mango ndi anthu ena atatu a m'komiti. Ndinawafotokozera kuti pali lamulo lopatsa nzika ufulu wopeza uthenga ku maofesi a boma, limene linayamba kugwira ntchito mu 2020, ndipo tinayamba kulemba kalata.

Tinakangana pa mawu amodzi. Ine ndinalemba kuti tikufuna kudziwa. Amalume anati ayi, akuluakulu salemberedwa choncho, tilembe kuti tikupempha. Ndinawauza za agogo a ku Chilwa aja ndi mjigo wawo. Anamvetsera mpaka kumapeto, koma anati ine ndibwerera ku tauni, iwo ndi amene atsale akukumana ndi anthu amenewa kumaliro ndi kumsika. Pamenepo ndinalibe yankho, chifukwa ankanena zoona. Mayi wina wa m'komitimo, amene anali chete nthawi yonseyi, anati tilembe kuti mwaulemu tikufunsa, ndipo titchule lamulolo ndi tsiku limene tidzabwere kudzamva yankho. Tinalemba momwemo. Amalume anasaina, amfumu anadinda chidindo Lolemba, ndipo kalatayo inapita ndi wa kabaza.