Chotupa cholimba chija cha Lachiwiri

Lolemba tidali pa ntchito yoyeza khansa ya khomo la chiberekero: viniga, thonje, tochi, ndi mzere wa amayi atafunda zitenje ziwiriziwiri chifukwa cha chisanu cha ku Dedza kuno. Ambiri adabwerera kwawo nkhope zili zowala.

Lachiwiri kudabwera mayi wina wolima mbatatesi, ali ndi chotupa m'bere la kumanzere, pamwamba pake pali zipsera za mphini. Ndidayamba ndapekesa manja kuti afunde, kenaka ndidakhudza. Cholimba ngati gwafa wosapsa, chosasuntha, khungu litakokekera mkati. Amayiwo atalola, mnyamata amene akuphunzira ntchito kwa ine adakhudzanso.

Titatuluka adandifunsa, "Akulu, chimalimba chonchi chifukwa chiyani?"

Funso limeneli lidatidyera nthawi yonse ya nkhomaliro. Chotupa cha khansa chikamakula chimakutidwa ndi ulusi wochuluka wa collagen, madzi nawo amadzadzana mkati, kusowa potulukira. Mitsempha ya magazi imafinyika, okosijeni amachepa, ndipo mankhwala amavutika kufika pakati. Munthu ungayese maselo a khansawo afera momwemo, koma ayi ndithu.

M'selo muli ma mitochondria, tizigawo topanga ATP, mphamvu imene selo imayendera. M'zaka za m'ma 1920 wasayansi wa ku Germany Otto Warburg adaona kuti maselo a khansa amadya shuga wambiri n'kumusandutsa lactate, asidi amene selo imapanga okosijeni akasowa, ngakhale okosijeni alipo, ndipo iye adati ma mitochondria awo ndi owonongeka. Lero tikudziwa kuti m'makhansa ambiri amagwira ntchito bwinobwino. Mu 2025 ofufuza a ku Barcelona adapanikiza maselo a khansa m'kampata ka ma micron 3 (ma micron 1,000 amapanga milimita imodzi). Ma mitochondria adathamangira pa nucleus, kachipinda ka m'selo kosunga DNA, n'kuthiramo ATP wowonjezera m'masekondi ochepa, wokonzera DNA imene yaduka ndi kupanikizikako. Selo yofinyidwayo imapulumuka n'kupitiriza kuswana. Kwa ine, kulimba kumene zala zathu zimamva si chizindikiro chabe, ndi mbali ya matendawo.

Lachitatu lidatha ndi chifuwa, BP ndi mapepala.

Pa msonkhano wa m'mawa Lachinayi ndidafotokozako zimenezi, asisita ena n'kufunsa ngati ifeyo pokhudzakhudza sitikuchilimbitsa chotupa. Funso labwino, koma ayi. Kupanikizika kumene tikunena kumachitikira mkati usana ndi usiku, makamaka selo ikamadzipanikiza m'timipata kuti ituluke m'chotupa kukalowa m'mitsempha. Dzanja la namwino silifanana nazo, ndipo mayi asaope kudzikhudza mabere mwezi ndi mwezi.

Lachisanu mayi uja adabweranso ndi amuna awo kudzatenga kalata yopita nayo ku Kamuzu Central ku Lilongwe, kuti akadule kachidutswa kokayeza. Abambowo ankati adikire kaye agulitse mbatatesi mtengo ukakwera.

"Bambo," ndidatero, "gulitsani matumba awiri pa mtengo wa lero. Amayiwa anyamuke Lolemba."

Adawerama kanthawi, kenaka adafunsa kuti minibasi yoyamba imadutsa nthawi yanji.