Kuthokoza Onse Amene Munandisamalira Ndili Chafufumimba

Abale ndi alongo, patha miyezi itatu chichitireni opareshoni ya diso langa lamanzere, ndipo dzulo adokotala andilola kubwerera kuntchito. Ndikuthokoza mayi a kunyumba, amene anandidwazika usana ndi usiku osadandaula, komanso inu a mpingo wathu kuno ku Ipswich, ku England, amene simunatope kubwera ndi chakudya ndi mapemphero.

Ndiloleni ndithokoze mwapadera agogo oyandikana nafe nyumba. Opareshoni itatha ndinalamulidwa kugona chafufumimba masiku angapo, osawerenga ngakhale kuyang'ana foni, ndipo iwo atamva zimenezi anabwera ndi galamafoni yawo ndi mbale ziwiri za concerto, nyimbo imene woimba mmodzi amayankhizana ndi gulu lonse la zoimbira. Anandiuza kuti pa mbale zonsezo wotsogolera gulu ndi mwini wake amene anapeka nyimboyo.

Yoyamba inali ya vayolini, ya Edward Elgar, yojambulidwa ku situdiyo ya Abbey Road mu London m'chaka cha 1932, Elgar ali nkhalamba ya zaka 75, pamene Yehudi Menuhin, woimba vayoliniyo, anali mnyamata wa zaka 16 zokha. Mbaleyo imachita phokoso lachikale, koma munthu amamva bwinobwino gogo akudikira mdzukulu kuti amalize mawu ake.

Imene inandigwira mtima kwambiri ndi ya Benjamin Britten, mwana wa kuno ku Suffolk, yojambulidwa mu 1970 ku holo yoimbiramo ya Snape Maltings ndi gulu la English Chamber Orchestra, ndipo ili ndi nyimbo ziwiri: concerto ya piyano ndi ya vayolini. Concerto ya piyano anaiimba yekha Britten pamene inkamveka koyamba mu 1938, koma pa mbaleyi piyano anamusiyira Sviatoslav Richter, iye n'kutenga ndodo yotsogolera. Ya vayolini, yoimbidwa ndi Mark Lubotsky, imatha mwakachetechete, osadziwika ngati ikulira kapena ikuyembekezera zabwino, ndipo umu ndi mmene ndinalili inenso usiku umene sindinkadziwa ngati disoli lidzaonanso. Popeza mwini nyimbo ndiye ankatsogolera, ndinakhulupirira kuti kukayika kumeneko anakuikamo dala. Ndinaibwereza kambirimbiri mpaka ana anayamba kundiseka.

Agogo, mbale zanu ndibweza Loweruka, ndipo ulendo wa ku Snape umene munanena uja ndauvomera. Galimoto ndiyendetsa ndine.