Sabata ya mvula ya mu Epulo pa khoma la damu

Anzathu a kumwera akamakolola, kuno ku Mzuzu mvula imakhala ikadakhuthuka. Amene anali mumzinda muno mu Epulo 2016 sadaiwale nyumba zimene zidagwa. Kwa oyang'anira damu, kaya lalikulu ngati la Lunyangwa limene limatunga madzi a m'nkhalango ya Kaning'ina n'kumwetsa mzinda, kaya kadamu ka dothi ngati kathu kunja kwa tauni, uno ndi mwezi wosagona tulo. Damu ladzaza kale, nthaka yakhuta, ndiye dontho lililonse likungothamangira kwa ife.

Lolemba ntchito idayamba monga mwa masiku onse: 6 koloko m'mawa kuwerenga geji ya mvula ndi geji ya madzi, n'kulemba m'buku. Usiku kudagwa mamilimita 42. Angaoneke ochepa, koma milimita imodzi pa hekitala imodzi ndi malita 10,000. Chimene timayang'anitsitsa ndi mpata wotsala pakati pa madzi ndi pamwamba pa khoma. Khoma la dothi madzi akangoliwoloka pamwamba limakumbika ngati mzere wa m'munda wa pamtsetse, ndipo siloti mungalitchinge ndi matumba a mchenga litayamba kale.

Lachiwiri ndilo lidatidyera nthawi. Damu lililonse la dothi limadontha, zimenezo si zodabwitsa. Nkhani ndi yakuti likudontha madzi ochuluka bwanji, ndipo a mtundu wanji. Kumunsi kwa khoma madzi odonthawo amadutsa pa kachitsulo kodulidwa ngati chilembo V, ka madigiri 90. Akakwera masentimita 5 pa V ndiye kuti akutuluka pafupifupi malita 0.8 pa sekondi. Akafika masentimita 10 si kuti awirikiza kawiri ayi, afika malita oposa 4. N'chifukwa chake sentimita imodzi pamenepo siyoti munthu ayerekeze ndi maso, pamafunika rula. Kenako timatunga madziwo m'botolo loyera n'kulisiya padzuwa. Akakhala ngati a pampopi, mtima pansi. Akakhala a mbuu, pansi pa botolo n'kutsala timatope, ndiye kuti madzi akunyamula dothi la khoma lenilenilo ndipo mkatimo mukupangika una.

Tsikulo V inali pa 6, botolo loyera, koma mmodzi mwa otchetcha adaitana: "Abwana, tabwerani mudzaponde apa." Chapakati pa khoma panali pofewa, kapinga wabiriwira kuposa pena ponse. Tidakhoma zikhomo kuzungulira malowo kuti tione ngati akukula. Cholakwa chimene ambiri amachita pamalo otere ndi kumata dothi la makande kuti madzi asatuluke. Madzi otsekeredwa amangofuna njira ina, ndipo khoma limalemera n'kugumuka. Choyenera ndi kuyala mchenga wa kumtsinje wosefa bwino, pamwamba pake timiyala ting'onoting'ono, kenako kwale, kuti madzi azituluka koma dothi lizitsala.

Chapamwamba pang'ono tidapeza chulu chachichepere. Chiswe ndi mdani wachete wa damu. Tidachikumba mpaka kupeza make chiswe, n'kukwirira dzenjelo ndi dothi lonyowa pang'ono, masentimita 15 n'kusinja, masentimita 15 ena n'kusinjanso. Wothira dothi lonse kamodzi amangobisa dzenje. Timitengo ta bulugamu todzimerera tidazulanso tikadali tating'ono, poti mizu yake ikadzawola imasiya njira za madzi. Pa khoma timafuna kapinga yekha, wofupika, woti njoka ndi ming'alu zizioneka.

Lachitatu tidapita ku sipiliwe, potayira madzi osefukira. Tidapezako zipika, majumbo, ndiponso neti ya udzudzu imene wina adaikunga usiku kuti akole matemba. Ndiwo ndi zofunika, sitikukana, koma neti yotere ikagwira zinyalala imasanduka khoma lachiwiri ndipo madzi amakwera kumene sitikufuna. Masana tidasewetsa valavu ya pansi yotulutsira matope: kupaka girisi, kutsegula mpaka kumapeto, kutseka, n'kubweza pang'ono kuti isadzaume. Valavu yosagwidwa chaka chonse imakana tsiku limene mukuifuna. Tisanatsegule timatuma uthenga kwa anyakwawa a kumunsi, chifukwa kumeneko amayi amachapa ndipo kuli madimba. Sititsitsanso madzi mwaphuma. Dothi la mbali ya kumadzi limakhala litakhuta, ndiye madzi akachoka msanga limatsetsereka kuwatsatira.

Lachinayi ndi Lachisanu kudali kuyendera kumtunda kwa mtsinje. Uvuni wa makala watsopano, munda wolimidwa mpaka m'mphepete mwa madzi. Dothi lonselo mathero ake ndi pansi pa damu.

Loweruka kudacha bwino, anthu n'kudzaza. Owedza makumba ndi mbedza, achinyamata ojambulana pa foni, ana ofuna kusambira. Pa damu la madzi akumwa kusambira n'koletsedwa; pa lathu ovuta ndi malo amodzi, kunsi kwa sipiliwe. Madzi amagwa mita imodzi yokha, pooneka posangalatsa, koma akagwa amalowa pansi n'kubwereranso chakukhoma. Munthu wolowamo amazunguliridwa ngati chovala m'beseni: kutuluka, kukokedwa, kumiranso. Madziwo ali ndi thovu lambiri moti sanyamula thupi, ngakhale la katswiri wa kunyanja. Wodumphiramo kuti apulumutse mnzake amangokhala wachiwiri. Ndiye pamtengo wa chikwangwani timamangirira nsungwi yaitali ndi chingwe chokhala ndi chigubu cha malita 20, chopanda kanthu, chotseka bwino. Wopulumutsa aziponya ali pamtunda, atagwada kapena atagona, kuti asakokedwe. Chigubucho, kunena zoona, chimasowa kawirikawiri. Tachipaka penti wofiira kuti chisakomere wotungira madzi.

Kumadzi osaya kumene kuli bango, ana timawabweza chifukwa cha likodzo. "Iwe, tuluka, mmenemo muli nkhono," imamveka msanga kuposa kulongosola za kuya kwa damu.

Lamulungu m'mawa V inali itatsika kufika pa 5, botolo loyera, ndipo chinyontho cha pakhoma chinali chisanadutse zikhomo. Madzulo ake mitambo idayambanso kuda cha ku Kaning'ina.