Escort ya malemu bambo yasiya kukumba ndi tayala limodzi

Inandipangitsa kusintha difu ya Escort yanga ndi mvula ya mu Januwale. Ndimachokera ku Jali, pa kamtunda kena kamatope ofiira aja Escort inangoti njii, tayala lakumanja lakumbuyo likuzungulira ngati chigayo kumwaza matope mpaka padenga, lakumanzere lili phee pouma ngati silikudziwa kuti tili pamavuto. Anyamata a kabaza anandikankha, ndinawapatsa ya fanta, koma manyazi ndinafika nawo ku Matawale.

Galimotoyi ndi Ford Escort Mk2, zija zinkapangidwa kuyambira 1975 mpaka 1980, inali ya malemu bambo. Difu yake, magiya aja opereka mphamvu ku matayala akumbuyo, inali yawamba, ndipo difu yawamba imagawa mphamvu mofanana ku matayala onse awiri, ndiye limodzi likaterera linzakelo limalandiranso kamphamvu kochepa komweko. Pokhota ndi yabwino poti tayala lakunja limayenera kuthamanga kuposa lamkati, koma m'matope ndi tsoka.

Msuweni wanga wa ku Joni anandipezera difu yakaunjika ya Quaife ATB, mtundu wa limited-slip womwe umakankhira mphamvu yambiri ku tayala lomwe lagwira pansi, inabwera pa basi itakulungidwa m'bulangete. ATB ndinasankha dala. Limited-slip ya ma plate imafuna oyilo wake wolembedwa LS, ukathira wamba imayamba kugogoda pa kona, komanso ma platewo amatha. Mu ATB muli timagiya tokhotakhota basi, oyilo wa difu wamasiku onse akwanira. Koma musanaitanitse werengani kaye ma spline, timano ta kunsonga kwa half shaft (chitsulo chochoka ku difu kupita ku tayala), yanga ndi English axle, alipo 22. Mtengo musandifunse, mayi akunyumba amawerenga zomwe ndimalemba.

Ntchito tinagwira Loweruka kwa madala ena ku Chinamwali, galaja yake ndi pansi pa mtengo wa mango. Kumasula sikunavute, kukhetsa oyilo, kuchotsa pulopu shafuti, ma dramu a buleki, kusolola ma half shaft, kenako difu yonse imatulukira kutsogolo. Ine ndi phuma langa ndinatola sipanala kuti ndimasule ma cap ogwira ma beringi, madala anandigwira dzanja.

"Bwana, dikirani kaye. Mwaika chizindikiro? Lakumanja likapita kumanzere mudzalira."

Anatenga panchi n'kukhoma kadontho kamodzi uku, tiwiri uko.

Crown wheel, giya lalikulu lija la difu, inakana kulowa pa Quaife, yothina zedi. Hamala ayi, anatero madala. Anatuma mwana kukatenga sefuliya kunyumba, tinateleka madzi pa mbaula n'kuiviika mmenemo, madzi atabwata ndithu anaivuula ndi nsanza, kupukuta, kuiika, inangolowa yokha khwee. Mabawuti tinapaka Loctite n'kumanga modumphanitsa.

Pomwe panadya tsiku ndi pa backlash, kampata kaja ka pakati pa mano a crown wheel ndi a pinion, kagiya koizungulitsa. Pinion sitinaikhudze nkomwe, ndiye ntchito inali pa manati awiri am'mbali aja, ukamasula uku umamanga uko, crown wheel n'kusendera pang'ono. Timafuna pafupifupi 0.15 mm, ndipo dial gauge inali yobwereka kwa mnzawo. Kuyeza, kutembenuza, kuyezanso pena, singano yapitirira, bwezani, yachepa, onjezani, kuyambira 11 koloko mpaka dzuwa kupendeka nsima osaiona. Kenako anapaka kapenti pa mano angapo n'kuzungulitsa kuti tione pomwe akudyana, chidindo chimayenera kukhala chapakati pa dzino osati kunsonga kapena kutsinde. Kachitatu ine ndinatopa.

"Madala, basi zakwana izi, timange."

"Mukafuna izilira ngati ambulansi kuchoka pano mpaka ku Limbe, timange bwana."

Ndinakhala chete, tinabwerezanso kawiri.

Lamulungu titaweruka ku tchalitchi ndinakwera nayo kuphiri, makona onse aja opita Ku Chawe difu ili zii osalira, kenako ndinapatukira msewu wadothi kupitirira damu la Mulunguzi komwe kunali konyowa. Kumbuyo kumakankha konse, umachita kumva mumsana. Koma sinasanduke Land Rover ayi. Pena tayala limodzi linalendewera pa ngalande ndipo linazungulira lokha ngati kale, chifukwa ATB imafuna kuti tayala lotereralo ligwireko pansi ngakhale pang'ono. Ndinakoka handibuleki pang'ono, inagwira n'kutuluka.

Sefuliya ija inanunkha oyilo, mayi a kwa madala anaikana, Lolemba ndinakagula ina mumsika waukulu.