Chigoli changa cha pansi pa nimu

Ine mpira ndimaudziwira pa wailesi. Za Flames, za Bullets ndi Wanderers ndimakangana mpaka mawu kusasa, koma phazi langa linali lisanagundepo chikopa. Ndiye Loweruka lina mu Okutobala, dzuwa la ku Ngabu lili phwee, mwana wa mlongo wanga anafika pakhonde pomwe ndimasokera, ali wefuwefu.

"Malume, tilipo 10 basi. Wina wapita kukamwetsa ng'ombe, sakuoneka. Anyamata a ku Bangula afika kale, ndipo opambana atenga mbuzi."

Nditamva za mbuzi ndinaika lumo pansi.

Panjira anandiphunzitsa malamulo mothamanga. Mpira osaugwira ndi dzanja, imeneyo ndi handi, ndipo ikachitikira m'bokosi mwathu ndi penate. Wotuluka m'mbali kuponya ndi manja onse awiri, kudutsitsa pamwamba pa mutu, mapazi onse ali pansi. "Koma chachikulu, malume, ndi ofusayidi. Mnzanu akamakupatsirani mpira muli mbali ya adani, kutsogolo kwanu kukhale anthu awo awiri, goloboyi kuphatikiza wina." Ndinkangogwedeza mutu, maganizo ali pa chiwindi cha mbuzi.

Anandiika kutsogolo, ati sitiraika. Nditathamanga kawiri, jezi yonse inali chonyowa, mtima ukugunda m'makutu. Apa m'pamene ndinaona kuti kuseri kwa golo la adani kuli mtengo wa nimu, mthunzi wake ukufika mpaka m'bokosi. Munthu wa ku Chigwa cha Shire sauzidwa chochita akaona mthunzi. Ndinakaima pomwepo, n'kuyamba kucheza ndi goloboyi wawo za mtengo wa thonje chaka chino.

Mpira ukangobwera kwa ine, laizimani wakweza nthambi yomwe inali mbendera yake, wezulo n'kulira. Ofusayidi. Kachiwiri, ofusayidi. Pofika kachinayi masapota athu anali atayamba kufunsana kuti mdala ameneyu wabwera ndi ndani. Ine ndinkaona ngati refa akungondida, chifukwa ndinamuchedwetserapo thalauza.

Mphindi 45 zitatha, anzanga anakhala mozungulira kumvera kochi. Ine ndinatsata mayi wa thobwa. Zoti chigawo chachiwiri matimu amasinthana magolo, zinakambidwa ine ndili pa kapu yachiwiri.

Wezulo italira, ndinalunjika ku nimu wanga uja. Ndinapeza pagolo paima alamu anga, amene ndi goloboyi wathu. Ndinati, eya, nawonso dzuwa lawakwana.

"Alamu, mukutani kuno?"

"Mthunzi ndi wa tonse, alamu."

Chodabwitsa, ofusayidi inatheratu. Laizimani sanakwezenso nthambi, poti munthu ali mbali yakwawo sakhala ofusayidi. Ine ndinati basi, mpira ndauzolowera.

Kutatsala pang'ono kuti masewero athe, kulibe chigoli mbali zonse, a ku Bangula anamenya kona. Mpira unagunda mitu iwiri n'kugwera pa phazi langa lenileni. Alamu anakuwa kuti, "Chotsani!" Ndinachotsadi, ndi mphamvu zonse za mwendo wopalasa makina osokera. Golo linalibe ukonde, moti mpira unakagunda tsinde la nimu n'kubwerera.

Ndinavula jezi, n'kuyamba kuthamanga ndikuizunguza m'mwamba. Amene ankandithamangira kudzandikumbatira onse anali nkhope zachilendo, koma ndinati chigoli chabwino chimasangalatsa aliyense. Refa anandidikira mpaka nditamaliza kuvina, kenako anandionetsa khadi yachikasu chifukwa chovula jezi. Mwana wa mlongo wanga anali atakhala pansi, manja ali kumutu. Alamu sanandiyankhule mpaka Khirisimasi.

Madzulo ake ndili kunyumba, zitseko nditatseka, ndinamva odi. Anali mnyamata wa kabaza, atanyamula mwendo wa mbuzi wokulunga m'pepala. Anati a ku Bangula atumiza gawo la womwetsa chigoli wawo, ndipo akufunsa ngati ndili ndi mpata Loweruka likubwerali.

Mayi a kunyumba anaulandira ndi manja awiri, n'kufunsa ngati masewerowo alinso a mbuzi.