Mpanda wa pa 13 ku North Berwick, tsopano mpira ukuudumpha

Loweruka lapitali mpira wanga unadumpha mpanda wa pa dzenje la 13 ku West Links, bwalo la gofu la ku North Berwick ku Scotland, unatera pa green (udzu wosalala wozungulira dzenje), unanjanja pang'ono n'kuima. Ma putt awiri, par, kutanthauza kuti ndinamenya kokwanira chiwerengero choikika cha dzenjelo. Anzanga amene timayenda limodzi m'mabwalo a ku East Lothian mukudziwa mmene dzenje limeneli landisowetsera mtendere chiyambire chilimwe, ndiye ndiloleni ndifotokoze mofatsa, chifukwa ndikukhulupirira kuti chimene chinkandivutacho chikuvutanso ambiri a ife amene tinaphunzira gofu pa kapinga wa kwathu.

Amene simunafikeko, North Berwick ili kum'mawa kwa Edinburgh. Pa sitima yochokera ku Waverley ndi theka la ola kapena kupitirirako pang'ono, ndipo mukatsika mumangoberekera chikwama kumsana n'kuyenda wapansi mpaka pa tee yoyamba. Kalabu yake inayamba mu 1832. Bwalo limayambira m'tauni mwenimweni, dzenje loyamba ndi la 18 amagawana fairway imodzi yotakata, ndipo kumanja kwa 18 kumakhala magalimoto a anthu ataimikidwa mumsewu, zimene zimaumitsa manja a aliyense amene amakonda kumenya slice, mpira wokhotera kumanja. Popita mumalowera kumadzulo m'mbali mwa nyanja ya Firth of Forth, kenako mumatembenuka kubwerera kutauni, chilumba cha Bass Rock chikuyera ndi mbalame patsogolo panu. Mphepo nthawi zambiri imachokera kumadzulo, choncho popita imakuombani kumaso, pobwera imakukankhani kumsana. Pa dzenje lachiwiri gombe lenilenilo lili mkati mwa masewera. Mpira ukagwera pamchenga mumatsikira komweko n'kukaumenya, anthu oyendetsa agalu ataima kukuonererani. Mtengo wosewerera kwa mlendo ndi wokwera kwambiri m'chilimwe. Ine ndimalowa ngati mlendo wa mnzanga wa kuntchito amene ndi membala, ndipo ndimamuthokoza nthawi zonse.

Zoyendetsa mpira pansi sizinandivute kwenikweni. Nthaka ya links, mabwalo a gofu a m'mbali mwa nyanja ngati limeneli, ndi mchenga, madzi salimbirapo, udzu wake ndi fescue wopyapyala, ndipo mpira ukatera umathamanga. Aliyense amene anasewerapo ku Limbe kapena ku Blantyre mu Okutobala, nthaka itauma gwa mvula isanagwe, amadziwa kale kuti mpira wamwamba sugwira. Kunali caddie wina wachikulire amene ankandinyamulira chikwama masiku amenewo. Lolemba akapatsidwa mpata wosewera, ankazungulira bwalo lonse ndi 7-iron imodzi yokha yakalekale, kuugwetsa mpira mayadi 30 green isanakwane n'kuusiya uziyenda wokha. Zonse zimene a ku Scotland andiphunzitsa za kamenyedwe kameneka, kotchedwa bump and run, bambo uja ankazichita kale, ndipo ndimamukumbukira nthawi iliyonse ndikatulutsa 8-iron kapena putter ndili kutali ndi green. Pa maenje ambiri a ku North Berwick njira imeneyi imakwanira.

Koma pa 13, dzenje limene amalitcha Pit, njira yapansi kulibe. Ndi par 4 yosakwana mayadi 400. Mpanda wamiyala waufupi, wakale, umayenda chamanzere kwa fairway n'kudutsa kutsogolo kwa green, ndipo green yake ndi yaitali koma yopyapyala, yopanikizika pakati pa mpandawo ndi milu ya mchenga. Mpira uyenera kukwera, kudumpha miyala, n'kuima msanga, mphepo ili kumbuyo kuukankha. Driver ikandilola, nthaka youma ija imauthamangitsa mpira mpaka nditsale ndi mayadi 70 kapena 80, mtunda woti sungamenye wedge yonse, ndipo mpira uli pa udzu wometedwa mpaka pansi, pansi pakenso pali gwa.

Apa ndi pamene zinkathera. Mpira unkatuluka motsika, wothamanga kwambiri, n'kukagunda mpanda, phokoso lake mpaka anthu a pa tee ina kucheuka. Nthawi zina unkabwerera kudutsa pamene ndaima. Ukapulumuka mpanda unkadutsa green yonse kukalowa m'udzu wautali wa kumilu. Ndikati ndiope zimenezo n'kumenya motsikira kwambiri, mutu wa ndodo unkalowa m'nthaka mpira usanakhudzidwe, n'kungouponya pafupi, kutsogolo kwenikweni kwa miyala, pamalo oipa kuposa poyamba.

Ndinayesa zambiri. Ndinaubweza mpira kuphazi lakumbuyo, unatsika kwambiri. Ndinatsegula nkhope ya ndodo, zinaipiraipira. Mnzanga membala uja anati ndisiye driver, ndimenye hybrid pa tee kuti nditsale ndi mtunda wa wedge yonse. Nzeru imeneyi ndi yabwino ndipo ambiri amatero, koma kwa ine mphepo yakumbuyo inkaugwetsa mpira msanga ndipo green yopyapyala ija inkaoneka yaing'ono kwambiri kuchokera kutali. Ndiponso sindinafune kulithawa vutolo, chifukwa mayadi 70 pa nthaka yolimba amapezeka paliponse pa links, osati pa 13 pokha.

Amene ananditsegula maso ndi mkulu wina wokonza ndodo ku Edinburgh, amene ali ndi kashopu kakang'ono kodzaza ndi ndodo zakale. Ndinapita kukasinthitsa ma grip basi. Atatenga sand wedge yanga anaiimika pa thabwa la pa kauntala n'kundiuza kuti ndigwade ndione. Mlomo wakutsogolo wa ndodo unali m'mwamba, sunkakhudza thabwa, chifukwa mimba yapansi ija ndi imene inali itakhala. Wedge yanga inali ya madigiri 56, bounce 14 (muyezo wa mmene mimba ija yatsikira kuposa mlomo), ndipo pansi pake ndi potakata. Ndodo yotere inapangidwira mchenga wofewa ndi udzu wonenepa. Pa kapinga wa kwathu nthawi ya dzinja mpira umakhala pamwamba ngati dzira pa nsalu, ndodo imalowa pansi pake bwinobwino, ndipo mimba ija imakuteteza kuti usakumbe. Pa fescue yolimba palibe poti ilowe. Mimba imagunda nthaka, imanjanja, ndipo mlomo umakamenya mpira pakati. Kutsegula nkhope kumangowonjezera bounce, n'chifukwa chake zinkaipira. Mkuluyo anandikumbutsanso kuti sand wedge inatchuka ndi Gene Sarazen amene anapambana nayo Open, mpikisano waukulu wa gofu wa ku Britain, mu 1932 ku Prince's, ndipo cholinga chake chinali kutuluka m'ma bunker, maenje amchenga aja, osati kumenyera pa fairway youma.

Za shopu imeneyi ndinene pang'ono, chifukwa ndi kumene ndimagula pafupifupi chilichonse. Mkuluyu sakukakamiza kugula chatsopano. Ali ndi mbiya yaikulu yodzaza ma wedge ogwirako ntchito, ndipo amakulola kupita nayo ina ukaiyese sabata yonse. Putter imene ndikugwiritsa ntchito, Ping Anser yakale, ndinaipeza komweko, ndipo ma iron amene ndinatumiza kumudzi chaka chatha kuti anyamata onyamula zikwama azisewerera, ndi iye amene anawaika ma grip atsopano pamtengo wachifundo. Pa eBay ndi pa Facebook Marketplace pamapezeka zotsika mtengo, inde, koma wedge osaigula usanaone mizere ya pankhope ndi maso ako. Ikatha mizere, mpira suzungulira, ndipo pa links umangopitirira.

M'mbiyamo tinapeza wedge ya Vokey ya madigiri 54, bounce 8. Anaipala pang'ono chakuchidendene pa makina ake kuti ndikaitsegula mlomo uzikhalabe pansi. Kenako anandiuza kokayeserera: kugombe, nyanja ikaphwa, pa mchenga wonyowa wolimba uja. Seve Ballesteros anaphunzirira pa gombe la kwawo ku Pedreña ali mwana ndi 3-iron, ndipo tsopano ndikumvetsa chifukwa chake manja ake anali otero. Mchenga wonyowa sunama. Ukamenya kumbuyo kwa mpira ngakhale pang'ono chabe, chizindikiro chimatsala pansi ndipo mpira supita. Ndinkajambula mzere ndi tee, n'kumamenya wopanda mpira kaye, kufuna kuti ndodo izikhudza mchenga pamzere penipeni kapena kutsogolo kwake pang'ono. Madzulo ambiri a chilimwe, poti kuno dzuwa limachedwa kulowa, ndinkathera kumeneko ndikaweruka, kusankha malo opanda anthu, mpaka zala kuuma ndi mphepo.

Chimene chinatuluka m'zonsezi n'chosavuta kunena. Mpira pakati pa mapazi, osati kumbuyo. Thupi lolemera kuphazi lakutsogolo kuyambira poyamba mpaka pomaliza, osasuntha. Manja patsogolo pa mpira pang'ono chabe. Kubweza ndodo mwachidule, mkono wamanzere kufika cha pachifuwa, kenako chifuwa chizitembenuka mpaka kuyang'ana kumene mpira ukupita. Mantha a mpanda ndi amene amaimitsa thupi, manja n'kuyesa kuunyamula mpira okha. Ndodo ya madigiri 54 imaudumphitsa mpanda waufupi ngati uja popanda kuithandiza. Ndaonanso kuti ndikamenya driver chakumanzere kufupi ndi mpanda, green ndimaiona m'litali mwake ndipo mpira umakhala ndi malo othamangira, pamene kuchokera kumanja ndimaidutsa m'mimba mwake mmene muli mopyapyala. Loweruka ndinali kumanzere, mayadi 75, mphepo yapakati. Kamvekedwe ka mpira pankhope ya ndodo kanandiuza zonse ndisanadzutse mutu.

Chimwemwe chimenecho chinandinyamula mpaka pa 15, Redan, par 3 ya mayadi pafupifupi 190 imene yakoperedwa m'maiko ambiri. C.B. Macdonald anaimanganso ku National Golf Links of America, ndipo ku Shinnecock Hills iliko. Pa tee suona bwino green, koma imayenda mopingasa kuchokera kutsogolo chakumanja kupita kumbuyo chakumanzere, ikutsetsereka kukuthawa, ndipo kumanzere kuli bunker yakuya. Kuloza mbendera n'kudziika m'mavuto. Ndinamenya 5-iron yotsika chakumanja, n'kuusiya mtsetse uugwire ntchito, ndipo titakwera kamtunda tinaupeza uli pa green chakumbuyo. Par inanso. Ine ndimaona kuti Redan ndi dzenje lachilungamo kuposa mmene anthu amanenera, chifukwa limakuuza poyera chimene likufuna. Lopanda chifundo ndi la 16, limene green yake ili ndi zitunda ziwiri ndi chigwa chakuya pakati. Mpira wanga unali pachitunda cholakwika ndipo ndinachokapo ndi double bogey. Green imeneyo sindinaipezere njira, ndipo mwina ndi nkhani ya chilimwe chamawa.

Tikumwa tiyi titamaliza, mnzanga anandikumbutsa kuti Catriona Matthew, amene anapambana Women's British Open mu 2009, anakulira pa bwalo lomweli. Ine ndinamukumbutsanso kuti a kumwera kwa Africa sakhala alendo kuno: pa Muirfield, pamtunda waufupi kuchokera pamene tinakhalapo, Gary Player anapambana Open mu 1959, Ernie Els mu 2002, ndi Ashleigh Buhai ya amayi mu 2022, ndipo Nick Price wa ku Zimbabwe anatenga yake ku Turnberry mu 1994. Mumtima ndinkaganiza za mwera wa ku nyanja kwathu ndi mchenga wa ku Senga Bay. Fescue singapirire kutentha kwa kumeneko, koma mphepo ndi mchenga tili nazo, ndipo ndimakhulupirira kuti mwana wokulira pamalo otere angaphunzire kumenya mpira wotsika msanga kuposa ife.

Zam'tsogolo ndi zambiri kuposa ndalama ndi tchuthi zimene ndili nazo. Ndikufuna ndipite ku Musselburgh Old Links, bwalo la maenje 9 la mkati mwa bwalo la mahatchi, kumene Open inachitikirako kasanu ndi kamodzi pakati pa 1874 ndi 1889, ndikabwereke ndodo zakale za mtengo wa hickory ndione ngati zimene ndaphunzira kugombe zingagwire ndi zida za makolo awo. Ndiyambanso kulowa ballot ya Old Course ku St Andrews, maere opezera mpata wosewera, imene amachita kutatsala masiku awiri, mpaka dzina langa lidzatuluke Open ya 2027 isanafike kumeneko. Kenako Machrihanish, kuti ndidzamenye tee shot yoyamba ija yodutsa pamwamba pa gombe, ndi Royal Dornoch kumpoto, zonsezi m'chilimwe chimodzi ngati galimoto ingalole. Ndikadzapita kumudzi kudzera ku Joni ndikufuna ndidzapatuke ku Gqeberha ndikasewere Humewood, ndione links ya ku Africa kwathu ili bwanji.

Pakadali pano pali chimodzi chimene sichinathe. Wedge yatsopanoyi m'ma pot bunker a mchenga wofewa ikukumba, ndipo madigiri 54 ndi ochepa pa khoma loimirira lija, ndiye yakale ija ndiyenera kuibwezera m'chikwama. Zikatero ndodo zikhala 15, malamulo amalola 14. Ndikuganiza zochotsa 3-wood, poti pa mphepo ya kuno imakwera kwambiri ndipo hybrid imathamanga mtunda womwewo pansi, koma pa par 5 za popita, mphepo ili kumaso, ndimaifunabe. Amene mumanyamula ma wedge anayi pa links, munachotsa iti?