Loweruka: mtengo ndabwera nawo, chitsulo chatsala kusitolo

Alamu anga anandidzutsa 6 koloko isanakwane. Chisanu cha June muno m'Joni sichiseka ndi munthu, koma iwo anali kale pageti ku Rosettenville kuno, injini ikulira. "Alamu, tengani magalasi anu, mukandiwerengere timalemba." Basi, ulendo wa kusitolo ya mfuti.

Nkhani yake ndi iyi. Chaka chatha analowa kalabu yowombera pachandamale, ndipo akhala akubwereka mfuti za anzawo. Mwezi uno anamva kuti mayi wina wamasiye wasiya kusitoloko mfuti ya malemu amuna ake kuti igulitsidwe. Alamu analipira dipoziti asanaiyang'ane n'komwe bwino, chifukwa wina anawauza kuti ndi ya asilikali a nkhondo yachiwiri ya dziko lonse.

Mwini sitolo ataigoneka pa kauntala, ndinayamba ndaseka kulemera kwake. Makilogalamu 6 ndi kanthu. Msilikali wake uti angayende nayo m'tchire? Agogo kwathu ku Ntcheu anali ndi gogodera yopirikitsira anyani kumunda, koma iyi siyonyamula paphewa. Ndi yogona nayo chafufumimba, lamba atakulunga pamkono, n'kumaboola pepala lili pa mamita 50.

Ndinavala magalasi. Pambali pa chitsulo panalembedwa BSA Martini International Mk II, pampope .22 Long Rifle, womwe ndi mtundu wa zipolopolo zake. Kachizindikiro ka mfuti zitatu zoyedzekana kanalipo, ka kampani ya Birmingham Small Arms, yomwe ija inkapanganso njinga zakapalasa ndi zamoto. Mtundu wa International unatuluka mu 1950, Mk II n'kutsatira zaka zochepa pambuyo pake, pamene nkhondo ija inatha 1945. Pafupi ndi pomwe mpope umalowera panali kachidindo ka chisoti chaufumu ndi malemba BNP, kosonyeza kuti anaiyesa ku Birmingham, ndipo chidindo chimenecho chinayamba pakati pa zaka za m'ma 1950. Nditawauza alamu, nkhope inagwa pang'ono.

Mwini sitolo anawatonthoza. Anakokera kansichi ka pansi, chitsulo chotseka mpope n'kugwera pansi kusiya kanjira kolowetsera chipolopolo chimodzi. Anati kapangidwe kameneka n'kochokera ku Martini-Henry, mfuti imene Angerezi anali nayo ku Isandlwana mu 1879, tsiku lomwe Azulu anawagonjetsa. Alamu anayambanso kumwetulira. Tinaunika ndi tochi m'kati mwa mpope, mizere yozungulira ija ikuoneka yakuthwa, popanda dzimbiri. Choyang'anira cha kabowo cha kampani ya Parker-Hale chinalinso chonse, timagudumu take tikulira bwinobwino tikamatembenuza. Zimenezi ndiye zofunika, osati nthano ya nkhondo.

Mfutiyo sitinabwere nayo. Lamulo la kuno, Firearms Control Act la 2000, silichita chibale. Munthu ayambe wapeza satifiketi ya competency, yosonyeza kuti ndi woyenera kukhala ndi mfuti, ndipo amapatsa nzika kapena amene ali ndi chilolezo chokhaliratu m'dziko muno. Alamu ali nacho, ine ayi. Kenako fomu ya apolisi yopemphera laisensi, ya SAPS 271, yolembapo nambala ya mfutiyo, ndi sefa yovomerezeka yosungiramo mfuti, yokhomerera kukhoma. Mpaka laisensi ituluke, chitsulo chikhala chokhomeredwa kusitolo. Chimene anatilola n'kumasula matabwa ake awiri, lakumbuyo ndi lapansi pa mpope, popeza thabwa si mfuti. Ndinawakulunga m'bulangete ngati khanda.

Masana mkangano unabuka m'shedi mwanga. Alamu amafuna vanishi wonyezimira ngati wa pa kabati ya m'chipinda chochezera. Ine ndakhala pa ntchito ya matabwa zaka zambiri, ndipo mtengo wa walnut wotere kumupaka vanishi ndi tchimo. Komanso wina anachita kale zimenezo: anapaka mothithikiza, mpaka timizere togwirira dzanja tinadzaza. Ndinapaka mankhwala osungunula vanishi, n'kupala ndi kakhadi kakale ka ku banki kuti ndisakande mtengo. Timizere tija ndinatsuka ndi mswachi. Pansi pake panatuluka mtengo wofiirira, wa mitsempha yokongola, moti alamu anangoti "Ee!" n'kukhala pa ndowa.

Mabowo ophwanyika ndinawadzutsa ndi simbi ya mayi a kunyumba. Umaika kansalu konyowa pabowopo, n'kudinda ndi simbi yotentha, nthunzi imafufumitsa mtengo. Zimatheka pokhapokha ngati mtengo unangofinyika. Pomwe unadulidwa, palibe chobwerera. Simbiyo ndabweza mwakachetechete, sindikudziwa ngati fungo silindiulula mawa posita malaya a kutchalitchi.

Sandipepala ndinangodutsitsa yosalala, ya nambala 320 ndi 400, kutsata mitsempha, ndipo m'mphepete momwe thabwa limakumana ndi chitsulo sindinakhudzemo. Ukadyako pang'ono pokha, chitsulo chimatsala chotumphuka ndipo aliyense wodziwa amaona.

Pali malo amodzi pomwe ndinaimitsa dzanja. Pamwamba pa thabwa lakumbuyo, poika tsaya, pali chigamba chakuda chosalala, cha thukuta ndi ndevu za mkulu uja wamwalirayu. Alamu amati ndichichotse. Ndinawauza aike tsaya lawo pomwepo, ayang'ane kukhoma. Anatero, tsaya n'kukhala ndendende pachigambapo. Sanabwerezenso.

Madzulo ndapaka linseed wowiritsa, mafuta opaka matabwa, koyamba, madontho ochepa m'chikhatho, kutikita mpaka dzanja kutentha, kenako kupukuta wotsala. Ndi kuzizira kuno auma mochedwa, ndiye ndidikira masiku awiri ndisanabwereze, ndipo zipitirira chonchi milungu ingapo. Nsanza zamafuta ndaziviika m'chitini cha madzi panja, chifukwa zikaunjikana zimatha kuyaka zokha. Matabwa ali lende pa waya m'shedi. Alamu aimba kale kawiri kufunsa ngati auma.